Chimene Choko Sichinalembe

Ku Chinamwali, Sitandade 3, Lachiwiri m'mawa.
Ana makumi asanu ndi atatu pa simenti yozizira,
mabuku khumi ndi awiri okha.
Ndalemba pa bolodi mizere itatu:

Che Sumaili analowa m'nyumba.
Anakoleka ambulera kuseri kwa chitseko, ikudontha.
Nsapato anazisiya panja.

Ndafunsa: Kodi kunja kuli bwanji?

Zii.
Kenako onse pamodzi, monga amayimbira a, e, i, o, u:
Sizinalembedwe, madamu!

Zoonadi, sizinalembedwe.
Miyezi yonseyi ndawaphunzitsa kutola zilembo
chimodzichimodzi, ngati timiyala mumpunga,
ndiye lero ndikuwatuma akatole chomwe sachiona.

Ndaloza pawindo lopanda galasi.
Phiri likavala chipewa chakuda chija,
amayi anu amatani?
Amaanula zovala!
Nanga adalemba ndani paphiripo kuti mvula ikubwera?

Asiyatu, wa mano awiri oguluka,
wakweza mkono mpaka pakhutu basi,
kuti akalakwa anamizire kukanda.
Kukugwa mvula, watero.
Wadziwa bwanji? Tisonyeze pomwe waponda.
Walumpha miyendo ya anzake mpaka kubolodi,
wadina chala pa mawu oti ikudontha,
wabwerera pamalo pake chala chili mbuu,
osachipukuta.

Apo m'pomwe mpanda wagumuka.
Twaibu akuti nsapatozo n'zamatope,
ndipo Che Sumaili akuopa akazi awo, angokolopa kumene.
Kalasi yonse gwa ndi phwete.
Mkaziyo wamuona pati, Twaibu?
Kwathu zimatero, madamu.
Ndamuuza kuti sanalakwe kubwera ndi za kwawo:
theka la yankho limagona m'buku,
theka lina mumalinyamula kuchokera kunyumba
pamodzi ndi chimanga chokazinga cha m'thumba.

Likisho naye wadzuka: anathamangitsidwa ndi galu!
Galu uti?
Wakuda, wa mchira wodula.
Kamufune m'mizere itatuyo.
Wawerenga kuchokera pamwamba, milomo ikugwedera,
wayambiranso,
wasuzumira ngakhale kuseri kwa chitseko cha Che Sumaili.
Galu palibe, ngakhale phazi lake.
Wamuthamangitsa yekha, monyinyirika,
ine ndamulonjeza kuti Lachisanu
adzalemba nkhani yakeyake, galuyo adzalowemo.

Belu, lomwe ndi chitsulo cha gudumu la lole,
lalira pamtengo wa mango.
Onse thi, kukathamangira phala.

Watsala Ndaziona,
amene chaka chonse sindinamvepo mawu ake
kupatula poyankha dzina.
Wayima pafupi ndi tebulo, akupota m'mphepete mwa yunifolomu.

Madamu, akudwala ndani?

Sindinauze munthu. Ngakhale ahedi sakudziwa.

Mwavala diresi ya dzulo.
M'chikwama mwanu mukuoneka fulasiki ndi mbale ziwiri.
Mukumveka fungo la mankhwala okolopera
a kuchipatala chachikulu,
ndimalidziwa, achimwene adagonako atathyoka mwendo.
Komanso pabolodi mwalemba Lolemba.

Ndacheuka.
Lolemba, ndi dzanja langa lomwe,
pamwamba pa ambulera ya Che Sumaili.

Ndikadamufunsa monga ndifunsira onse,
tisonyeze pomwe waponda,
koma anali ataponda kale ponseponse,
osaphonya ndi pamodzi pomwe.

Ndafufuta tsikulo ndi chikhatho.
Ndafuna kunena kuti ndi mwana wanga, malungo,
usiku wachitatu tsopano pa benchi ya m'wodi,
koma pakhosi pakana.
Ndangosanja mabuku khumi ndi awiri aja,
kuwawerenga, kuwasanjanso.

Iye sanafunsenso.
Watola choko chomwe chinagwa pansi,
waimirira ndi zala zakumapazi,
walemba Lachiwiri, L wake atapendama,
n'kutuluka kukaima kumapeto kwa mzere wa phala.

Kunja phiri lavala chipewa chija.
Ambulera ndaiwala kuchipatala.